Mazira a Dona M'chulu

Che Yakubu, oyandikana nawo nyumba ku Chinsapo, ankaweta ng'azi ziwiri kuseri kwa nyumba yawo. Ntchito yawo inali yokhoma ndowa ndi mbaula, koma anthu ankawadziwa chifukwa cha ng'azizo. Ena ankati n'zizimba. Amayi anga ankangoti, "Ukachoka kumeneko uzisamba m'manja."

Khola analimanga ndi njerwa ndi waya, mozungulira chulu chomwe anachipeza pamalopo. Munali mgolo wodula pakati wodzaza madzi, ndi lata limodzi lomwe ng'azi zinkaotherapo dzuwa. Yaimuna ankaitcha Kapitawo. Yaikazi, yomwe anailanditsa kwa anyamata oumba njerwa kumtsinje, inali Dona.

Chaka cha 2004 ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4. Kucheza ndi anzanga kunkandivuta, mawu ankandithera pakhosi. Ng'azi sizifunsa mafunso. Ndinkakhala pa njerwa n'kumaonera Dona akutulutsa lilime lake lamphanda, akuphwanya nkhono ngati munthu wodya mtedza. Pang'onopang'ono ndinayamba kukatola nkhono kudambo, ndi kukapempha matumbo a nkhuku kumsika. Che Yakubu ankanditcha Aphunzitsi, chifukwa sindinkasiyana ndi makope anga ngakhale sukulu inali itatha.

Mu Disembala, mvula itafewetsa dothi, Dona anakumba chulu masiku awiri. Analowa mpaka kutsala mchira, kenako anatuluka ataphwa mimba. Che Yakubu anasiya ndowa ili theka.

"Zaka zitatu, Aphunzitsi! Zaka zitatu ndikudikira zimenezi."

"Ndiye afungatira liti?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Dona si nkhuku. Wamaliza ntchito yake. Chiswe chitseka bowolo, ndipo chisunga mazirawo mofunda mpaka mvula ya chaka chamawa. Mzamba ndi chiswe."

Anati ana akatuluka adzawalera miyezi ingapo, kenako adzakawasiya mumtsinje wa Likuni, momwe ng'azi zinali zitatha ndi miyala ya ana.

Mu Januwale kunabwera uthenga wa maliro a achimwene awo ku Machinga. Ananyamuka ndi akazi awo, Mayi Asiyatu, n'kundisiyira kiyi wachiwiri wa khola. "Madzi uzisintha, chakudya kawiri pa sabata. Basi."

Atangochoka, mvula inagwa masiku anayi osakata. Madzi a mumsewu analowa pansi pa waya n'kuzungulira chulu. Ndinkaima pamenepo nditafunda thumba, ndikuona madzi akunyambita tsinde la chulu, ndipo m'mutu mwanga ndinkaona mazira akuwola. Tsiku lachinayi ndinatsekera ng'azi mbali imodzi ndi lata, n'kutenga khasu.

Mkati mwa chulu munali mouma, mofunda ngati m'khwapa. Dzanja langa linamva zimenezo. Ndikanatseka pomwepo n'kubwerera kunyumba. Koma ndinali nditawaona kale, oyera, ataliatali, ofewa ngati chikopa cha nsapato yakale, ndipo ndinafuna kuti Che Yakubu akadzabwera adzanene kuti mwana wasukulu wawapulumutsa. Anali makumi awiri ndi limodzi.

Ndinawaika m'beseni la utuchi, m'chisakasa chokhomeramo ndowa, pafupi ndi mbaula yomwe ndinkayatsa makala pang'ono. Kenako ndinatsegula kope la Agirikacha. Munalembedwa ndi dzanja langa lomwe: dzira lofungatiridwa popanda make liyenera kutembenuzidwa m'mawa ndi madzulo. Lemba X mbali imodzi ndi O mbali inayo kuti usasokoneze. Funso limeneli ndinalikhoza pa mayeso oyeserera. Ndinatenga bolopeni n'kulemba dzira lililonse mosamala, ndipo sindinaphonye ngakhale tsiku limodzi kuwatembenuza.

Madzi a m'khola anaphwa patangopita masiku awiri.

Sabata yachiwiri mazira anayamba kufota m'mbali. Kenako kunamera nkhungu. Kenako fungo. Ndinaboola limodzi ndi msomali: munatuluka madzi achikasu ndi kamtsempha kamagazi kopyapyala ngati ulusi.

Tsiku lomwe ndinamva kuti Che Yakubu afika mawa lake, ndinabweza mazira makumi awiri aja m'chulu, n'kumata ndi dothi lonyowa. Chiswe chinamalizitsa ntchito yanga. Pofika m'mawa palibe akanadziwa kuti panadutsa khasu.

Anafika atanditengera mpunga m'kathumba. Anazungulira khola, anagogoda chulu ndi chala, anamwetulira. "Aphunzitsi, mwagwira ntchito."

Ndinati zikomo.

Miyezi inayamba kuyenda. Ndinkadziuza kuti mwina mazirawo anali oipa kale. Bodza limeneli linatha tsiku lina mu Juni, pamene kunabwera Masiye, mkulu wina wa ku Biwi wokonza ng'oma ndi kaligo. Ankabwera kawirikawiri kudzanyengerera chikopa cha ng'azi.

"Che Yakubu, chikopa cha Donayu chikungowonongeka ndi dzuwa. Ndipatseni chiziimba m'maukwati."

"Pita ukasende chako, chakhwima kale."

"Nanga mazira anuwo bwanji osawafukula tiwaone? Mwina mukulondera miyala."

"Iwe ndi ng'oma zako zomwezo," anatero Che Yakubu akukhoma chogwirira cha ndowa. "Dzira la ng'azi momwe lagonera ndi momwemo. Kamwana kamamatirira pamwamba. Ukangolitembenuza kamodzi, kamamira m'madzi ake omwe."

Ine ndinali nditagwira chitini cha nkhono. Kawiri pa tsiku, masiku khumi ndi anayi. Ndinawerengera mumtima, ngakhale sindinkafuna.

Zotsatira za mayeso zinali zitatuluka kale, ndipo phunziro lomwe ndinakhoza kwambiri linali Agirikacha. Amayi ankauza aliyense.

Che Yakubu anakhoma kabokosi ka malata kokhala ndi sefa pamwamba, kogonamo ana. Anandiphunzitsa kugwira ziwala, poti ana a ng'azi sangathe nkhono. M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti ankaima pa chulu n'kunena, "Mwadzuka bwanji m'katimo?" Ine ndinkakhala pambali pawo nditanyamula ndowa ya madzi. Kangapo ndinatsegula pakamwa. Tsiku lina ndinafika ponena kuti, "Che Yakubu," iwo n'kutembenuka, ine n'kufunsa ngati mgolo ukufunika kutsuka.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. Ngumbi zinatuluka m'chulu, ana a m'mudzi n'kumazitola kunja kwa waya. Che Yakubu anasamutsira mpando wawo pakhomo pa khola, n'kumakhomera ndowa pomwepo. Sabata inatha. Mwezi unatha. Kabokosi kanayamba dzimbiri.

"Malo amenewa bwenzi tikuwetapo nkhuku," anatero Mayi Asiyatu tsiku lina akuyanika zovala. "Nkhuku imaswa munthu ukuona."

Che Yakubu anayang'ana Dona ali pa lata, maso atatseka. "Mwina ndi wouma," anatero. "Amangoikira madzi. Anyamata aja anamumenya pamimba." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Kapitawo ndikamusiya kumtsinje. Uyu sangathe kudzisakira, anazolowera mbale. Muuzeni Masiye abwere Loweruka."

Loweruka m'mawa Masiye anafika ndi thumba la saka, chingwe, ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala. Anali wosangalala, akuimba kamluzu.

"Lero Dona akwatiwa ku Biwi! Aphunzitsi, gwirani thumba."

Ndinagwira thumba. Che Yakubu anatsegula loko, osayang'ana munthu. Palibe amene ankaganiza zofukula chulu. Ndikanangokhala chete, nkhani ikanathera m'thumbamo, ndipo Dona akanafa ndi mlandu wanga.

Mawu anakana kutuluka, monga mwa masiku onse. Ndiye ndinaponya thumba pansi, ndinatenga khasu lomwe lija pakhoma, n'kulowa m'khola. Kapitawo anandikwapula ndi mchira pamwendo, koma sindinaime.

"Goodwin! Ukuchita chiyani?" anakuwa Che Yakubu, akunditchula dzina langa lenileni.

Ndinadziwa pokumba. Khasu kanayi, kenako dzanja. Ndinatulutsa chikhungwa cha dzira chimodzi, chouma, chopindika ngati tsamba la fodya. Ndinachipukuta pa malaya n'kuchipereka kwa Che Yakubu ndi manja awiri. Inki inali itazilala, koma X ankaoneka. Anachitembenuza, n'kupeza O.

Apa mawu anabwera okha, osalongosoka: mvula, madzi, beseni, kope, m'mawa ndi madzulo. Ndinanenanso kuti mkati munali mouma, ndipo ndinadziwa.

Masiye anaseka kamodzi. "Ng'azi yolemba mayeso!" Ataona kuti akuseka yekha, anatola thumba lake.

"Pita, Masiye," anatero Che Yakubu. "Ukwati watha."

Titatsala awiri, anakhala pampando wawo, chikhungwa chili m'manja. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Kutembenuzako sindikukuimba mlandu," anatero. "Sindinakuuze. Koma miyezi khumi ndi umodzi ndakhala ndikulonjera dothi, iwe uli apa ndi ndowa."

Anatambasula dzanja. Ndinamasula kiyi wachiwiri pa chingwe cha m'khosi mwanga n'kuwapatsa.

Chaka chimenecho Dona sanaikire. Chulu ndinali nditachigumula pa nthawi yomwe akanachifuna. Ndinkasuzumira pa mpanda wathu n'kuona chiswe chikumata bala lija, kadothi kamodzikamodzi, ndipo Che Yakubu akusintha okha madzi a mumgolo, msana utapindika.

Mu Febuluwale ndinayamba kusiya chitini cha nkhono pakhomo pawo m'mawa, osagogoda. Masiku ena ndinkachipeza chili momwemo. Tsiku lina ndinachipeza chopanda kanthu, chotsukidwa, atachikoleka pa mpanda mbali yathu. Ndinachitenga n'kutsikira kudambo.