Chigawo chimene Lumbani anadula

Beatrice sanapite ku maliro a bambo ake ku Rumphi chifukwa anali atangobereka kumene, pa opaleshoni. Mchimwene wake Lumbani, amene amakonza makompyuta ku Area 25, anamulonjeza kuti adzaona zonse pa vidiyo.

Lumbani anali ndi kompyuta yakale pamwamba pa kabati pabalaza, yosazimitsidwa, yolumikizidwa ku batire la sola. Mavidiyo onse a banja ankakhala mmenemo, chifukwa iye ankati za pabanja si zoika poti aliyense aone. Ankayamba wawapanikiza kuti achepe, asamadye bandulo, kenako n'kutumiza linki kuti abale atsegule nthawi imodzi, aonere limodzi aliyense ali kwawo.

Lamlungu masana Beatrice anatsegula linkiyo pa foni ali kwake ku Kawale, mwana ali kubere. Bright, chitsirizira cha m'banjamo, ankaonera ku Joni komwe mapepala anamulepheretsa kubwera. Zonse zinayenda bwino mpaka nthawi yoika nkhata. Kwaya ili pakati pa nyimbo, chithunzi chinalumpha, abusa n'kuoneka akudalitsa kale anthu. Mithunzi pamanda paja inali itasuntha.

Beatrice atafunsa, Lumbani anayankha kuti batire linathera pakati kompyuta ikupanikiza, ndiye chigawocho chinaonongeka. Mawa lake anamuimbira, ndipo tsopano Lumbani anati khadi la wojambula linadzadza. Beatrice sanamukumbutse za batire lija. Anaimbira amayi awo kumudzi, koma atangotchula nkhata, iwo anayamba kufunsa ngati mchombo wa mwana wapola.

Loweruka m'mawa Beatrice anabereka mwana kumsana, nakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku 25, bala likumumvekera pa bampu iliyonse. Anapeza Lumbani akupukuta fumbi pa kompyuta ija. Atalonjerana, anapempha kuona vidiyo yoyambirira, yosapanikiza. Lumbani anati anaifufuta kuti apeze malo. Beatrice anangomuyang'ana. Munthuyu anali asanatayepo ngakhale chithunzi chosaoneka bwino.

Sheila, mkazi wa Lumbani, mayi a mwana wawo Laws, anali ataima pakhomo la kukhitchini.

"Bambo a Laws, aonetseni alamu. Akamvera kwa ena zidzaipa."

Lumbani analumikiza kompyuta ku TV n'kuthamangitsa vidiyo mpaka pa nkhata. Amayi anaika yawo, Lumbani yake. Ndiye woyendetsa mwambo anaitana mwana wina wa malemu. Panadzuka mzimayi wamsinkhu wa Beatrice, atavala zakuda. Amayi anamugwira dzanja n'kupita naye okha pamtumbira. Kamera itamuyandikira, Beatrice anaona mphumi ya bambo ake, ndi kampata ka mano komwe.

Lumbani anafotokoza akuyang'ana pansi. Dzina lake ndi Ennie, amagulitsa kaunjika ku Mtandire. Amayi ankamudziwa kuyambira kale. Ndiwo anapempha kuti chigawocho chichotsedwe mpaka Beatrice atachira, komanso poti Bright ali yekha kutali.

"Nanga inu achimwene munamudziwa liti?"

"Pamaliro pomwepo."

Beatrice anatenga rimoti n'kubweza pang'ono. Pochoka pamtumbira, Ennie anapunthwa, Lumbani n'kumugwira paphewa, kumunong'oneza kanthu, Ennie n'kugwedeza mutu osamuyang'ana n'komwe. Sizinkaoneka ngati za anthu amene akumana dzulo. Anabwezanso kachiwiri. Sheila analowa kukhitchini.

Beatrice anauza Lumbani kuti apanikizenso vidiyo yonse, osadula paliponse, ndipo asatumize linki mpaka iye atalankhula ndi Bright. Lumbani anavomera. Anadina apa ndi apo, kompyuta n'kuyamba kulira kafani kake, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono. Beatrice anakhala pomwepo akuyamwitsa, osachotsa maso pa kamzereko, mpaka kanafika kumapeto. Anaonera yatsopanoyo pa foni yake kuti atsimikize kuti Ennie alimo.

Ponyamuka anapempha nambala ya mzimayiyo. Lumbani anati afunsa kaye kwa amayi. Beatrice anatambasula dzanja, ndipo patapita kanthawi mchimwene wake anamupatsa foni. Nambala inalimo, pa dzina loti Achemwali Mtandire, ndipo mauthenga awo ankabwerera m'mbuyo mpaka chaka chimene Lumbani anakwatira.

Beatrice anakopera nambalayo, nabweza foni. Anatsanzika Sheila yekha. Pa siteji sanakwere minibasi ya m'tauni. Anafunsa kondakitala wina njira yachidule yofikira ku Mtandire.