Udzu wa Kuseri kwa a Edgar

Petronella sanali munthu wolekerera udzu pakhomo. Kwawo ku Dedza, bwalo la tchire ndi la mlesi, ndipo njoka zimadziwa kumene kuli mlesi. Ndiye tchire la kuseri kwa nyumba ya a Edgar, mzungu wokalamba amene anali atangoyamba kumusamalira ku Romford, kutsidya kwa nyanja, linkamuyabwa mumtima. Udzu wolekeza m'chiuno, kuyambira pakhomo mpaka kukalowa m'kankhalango ka kuseri kwa mpanda!

Mu Julayi wa 2006 a Edgar anagonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala ananeneratu kuti chilimwe china sadzachiona. Mkuluyo anapempha chinthu chimodzi chokha: abwerere kwawo akawerenge agulugufe komaliza, kabuku m'manja, monga ankachitira chaka ndi chaka.

"Munthu wodwala adzafikire m'thengo?" anatero Petronella kwa mwamuna wake. "A Reinford, Loweruka muli pa ofu. Agulugufe amafuna maluwa, maluwawo tiwasiya."

Reinford anabwereka makina otchetchera. Pofika masana panali patayera mbee. Petronella anasesa mpaka dothi kuonekera, nalonga zonse m'matumba, ndipo Lolemba galimoto ya khonsolo inanyamula.

Lachitatu a Edgar atatuluka m'chipatala, Petronella anawakankha pa wilutcheya mpaka pakhomo la kuseri, akumwetulira, khutu lili tcheru kudikira zikomo.

A Edgar anamwaza maso pabwalopo. Kabuku kanagwa pansi. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma chouluka panalibe, kupatula kagulugufe kamodzi kofiirira kamene kankangozungulira kusowa potera.

"Amaikira mazira mu udzu," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Zaka makumi atatu sitinatchetchepo."

Petronella anagwada pambali pa wilutcheya. "Pepani, bambo. Udzu umaphukanso. Chaka chamawa..." Anadziluma lilime. Chaka chamawa chake chiti?

Mkuluyo sanakalipe, ndipo kukalipako kukanakhala bwino. Maso ake anali pa dothi loseseka lija.

"Zimene mwasesazo mwaika kuti?"

"Khonsolo inatenga Lolemba."

"Mkazi wanga Etta anamwalira mu Meyi, inu musanabwere. Thupi lake tinaliotcha. Anandiuza kuti phulusa lake ndikaliwaze pamene pali agulugufe. Ndinaliwaza mu udzu uja."

Petronella, mwana wa kumene ngakhale nkhuni za kumanda satola, anakhala pansi pa simenti, manja kumutu.

"Ndinali nditakonza zoti phulusa langanso mudzaliwaze pomwepo," anatero a Edgar.