Mphini za pa Kapamba

Kalata inafika ku Mbamba Bay pa lole ya ku Songea, chaka chimene anthu ankasamutsidwira m'midzi ya ujamaa, yolimira pamodzi. Sinafikire m'manja mwa Yustina. Inayamba yagona masiku awiri kwa a Venance, balozi, woyang'anira nyumba khumi, ndipo pobwera nayo envulopu inali yong'amba kale.

Mwamuna wa Yustina, Damian, anali ku Songea kudikira. Mayeso olowera maphunziro a maofesala a jeshi anakhoza onse, koma dokotala wa asilikali atamuvula malaya anapeza mphini pansi pa nthiti zakumanzere. Mphini za pamenepo munthu wa kunyanja safunsa: mwana akatupa kapamba ndi malungo, amamutema pomwepo. Wodwala kapamba jeshi silimulandira, pokhapokha likulu litapereka chilolezo chapadera.

"Za Chizungu izi, mayi a Alois, ndikuwerengereni," anatero a Venance, akukhala pampando osapatsidwa. "Akuti amene anatema mphinizo akaonekere yekha ku ofesi ya boma. Akanene dzina, kwawo kumene anabadwira, ndi chaka chimene anaoloka nyanja. Apo ayi, Damian abwerere kudzagwira usipa."

Yustina sukulu analekeza sitandade folo, Chizungu sankachimva, koma maso anali nawo. Papepalapo panali mizere inayi yokha. Mizere inayi ingabereke mawu onsewo? Ndipo a ku Songea anadziwa bwanji kuti wotema mphiniyo anachita kuoloka nyanja?

Amene anatema mphinizo ndi azakhali ake a Damian, a Edina, amene anachokera ku Nkhata Bay kalekale opanda ndi kapepala komwe. Masiku amenewo boma la kuno ndi la Malawi ankakanganirana nyanja, ndipo munthu wa ku Malawi akalowa mu ofesi sankadziwa ngati atulukira khomo lomwelo.

"Pepalalo lisiyeni, a balozi."

"Likasungika bwino kwanga. Pano pali ana."

"Mwana ndi mmodzi, ali kumsana kuno. Sadya mapepala."

A Edina anamva zonse ali kuseri, akusenda chinangwa chovuula. A Venance atasiya pepalalo n'kupota, a Edina anatulukira atamanga kale nsalu yakutchalitchi.

"Ndipita, apongozi. Ndinatema ndine. Mwana asataye mwayi chifukwa cha lezala langa."

"Khalani pansi, azakhali. Chinangwa chikukudikirani. Mwaiwala kuti Xavery, mphwawo wa a balozi, nayenso ali ku Songea komweko kudikira kuti wina agwe, iye alowe m'malo?"

Yustina anapinda kalatayo, naisomeka pachifuwa, ulendo kuchipatala chaching'ono cha mishoni. Sanadzere njira ya kumsika, anadzera m'minda. Namwino Ketrina anaiwerenga kawiri.

"Akufuna chipatala cha kwanu chilembe ngati Damian anabwerapo ndi kapamba m'zaka khumi zapitazi. Yankho lifike Lolemba lisanadutse."

"Basi?"

"Basi."

"Werenganinso, asisita. Mzere umodziumodzi, chala chili pamenepo."

Ketrina anaseka, koma anachita zomwezo. Za ofesi panalibe, za kuoloka nyanja panalibe. Kenaka anatsitsa mabuku akale a odwala, napukusa fumbi, nayamba kusanthula. Damian anapezeka kawiri: chilonda cha mbedza pachala, ndi maso ofiira. Za kapamba ayi.

Akulemba, Ketrina anafunsa osadzutsa mutu. "Komatu anatema bwino, mizere yoongoka. Anali ndani?"

Yustina anamuyang'ana. Mayiyu ankaimba kwaya imodzi ndi akazi a a Venance.

"Papepalapo pali pofunsa zimenezo?"

"Palibe."

"Ndiye lembani zimene afunsazo."

Chidindo chitamenyedwa, Yustina anadikira inki iume ali chiimire. Lachisanu m'mawa anapeza a Venance ali kale pa lole, atatambasula dzanja.

"Bweretsani, ndugu, m'bale wanga. Makalata a boma amadzera kwa balozi."

"Iyi idzera pa ine," anatero Yustina. Anakweza Alois kumsana, namanga nsalu mfundo ziwiri, naponda tayala n'kukwera pamwamba pa matumba a usipa. Kalatayo anakaipereka yekha Loweruka pa geti la asilikali, ndipo sanachoke mpaka kalaliki atalemba dzina la Damian m'buku la opita kulikulu.