Kabudula wa a Lyson

A Lyson atangomva kuti tawuni imene akupitako ili ndi akasupe a madzi otentha, zina zonse sanazimvenso. Mwana wawo Fatsani anawakonzera ulendo wa masiku anayi ku mapiri a ku Austria, mphatso yoti akwanitsa zaka makumi atatu ali pabanja. Anabwereza katatu pa foni kuti ndi mu Febuluwale, chipale chofewa chimafika m'mawondo. Koma bambowo anali atayamba kale kuyala makabudula pa bedi.

Akazi awo, mayi Gladys, anaweruka kuchipatala n'kupeza sutikesi ili yasa! Munali makabudula atatu, malaya amaluwa a manja aafupi, mapatapata ndi chipewa cha dzuwa.

"Bambo a Fatsani, jekete ili kuti?"

"Jekete ya chiyani? Kumeneko madzi amawira okha pansi. Moto ungakhale pansi, pamwamba n'kumazizira?"

"Madziwo ndi otentha, sindikukana. Nanga kuchoka kuhotelo kufika kudziweko mudzauluka?"

"Mayi, ine ndine wa ku Dedza. Tinkasamba mumtsinje mu Juni, mbandakucha, popanda ndi sopo yemwe."

"Za sopozo ndikukhulupirira," anatero mayi Gladys, n'kupita kukateleka tiyi.

Sanalimbane nawo. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, umamusemera kuti imufotere yekha. Loweruka m'mawa anawadzutsa mwaulemu wonse.

"Tiyeni tikayese zovala zanuzi. Valani zimene mukavale kumapiriko, tikakwere kaphiri ka mu paki ya Greenwich. Mukafika pamwamba osadandaula, sutikesi yanu sindiikhudza."

Mu basi yochokera kwawo ku Lewisham munali mofunda, ndipo a Lyson ankangomwetulira, mawondo ali pamtunda. Zinasintha atatsika. Mphepo yochokera ku mtsinje wa Thames inalowera kumwendo kwa kabudula n'kukatulukira kukolala. Udzu unali utayera ndi chisanu. Asanafike n'komwe pakati pa chitunda, miyendo inali mbuu, zala zakuphazi zitasiya kumva.

"Muli bwanji, a ku Dedza?" anafunsa mayi Gladys ali m'kati mwa sikafu.

"Ka-kamphepo kabwino."

Pomwepo anakumana ndi a Shadrick, mkulu wa mpingo wawo, atavala chikhothi chofika m'akakolo. Anaima n'kuwayang'ana a Lyson kuyambira kuchipewa mpaka kumapatapata.

"A Lyson! Kodi nyumba yapsa?"

A Lyson anayamba kudumphadumpha pamalo amodzi. "Ayi, abambo. Majowajowa chabe."

"Amachita Loweruka lililonse," anawonjezera mayi Gladys, nkhope ili phee. "Amati chisanu ndi mankhwala."

"Ambuye ndi abwino!" anafuula a Shadrick. "Gulu la abambo takhala tikusowa wotitsogolera pa zolimbitsa thupi. Tonsefe mimba zatuluka. Mawa ndilengeza mutchalitchi. Tathamangani ndikujambuleni, anzathu aone."

Akanatani? Anathamanga. Mapatapata ankalira phwa, phwa, phwa, ndipo limodzi linaduka chingwe atatsala pang'ono kufika. Anamaliza chitundacho phazi limodzi lili pansi, a Shadrick akuwomba m'manja kumunsi.

Mayi Gladys anakwera mosafulumira. Atafika anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa jekete ya amuna awo, masokosi ndi nsapato. A Lyson anavala akuyang'ana kumbali, ngati akuwerenga maboti pamtsinje.

Masana omwewo makabudula awiri anabwerera mu kabati. M'malo mwake mu sutikesi munalowa majuzi, magolovesi ndi chisoti chaubweya chimene a Lyson ankati n'cha nkhalamba. Foni yawo inali ikungolira, abambo a kumpingo akufunsa kuti Loweruka akumane nthawi yanji.

Tsiku la ulendo, ali mu sitima yopita kubwalo la ndege, mayi Gladys anagwira pakamwa.

"Mayo! Mataiti anga ofunda aja, apepo aja, ndawasakasaka osawapeza. Simunawaone?"

A Lyson anali kalikiliki kuyang'ana pawindo. Mayi Gladys anatsitsa maso. Pakati pa thalauza ndi sokosi panali kansalu kapepo kakusuzumira.

"Bambo a Fatsani."

"Sutikesi inadzaza," anatero a Lyson akukoka mwendo wa thalauza. "Ndangokunyamulirani."