Mpunga Womwe Chiwawu Chinaulambalala

"Zimitsani kaye injiniyo, achimwene!" anakuwa mwana wamkazi wa malemu, akuthamanga m'mphepete mwa munda.

Mwana wamkulu wa malemu anakweza dzanja, woyendetsa thirakitala n'kuima. Maliro a bambo awo anali atangotha kumene, ndipo mkuluyo ankafuna kutembenuza munda wonse asanabwerere kuntchito. Matenda a chiwawu anali atapsereza mpunga wa aliyense chaka chimenecho, masamba ali mawangamawanga, ngala zitathyoka m'khosi.

"Tisungirenji mbewu yodwala? Ingopatsira ya chaka chamawa."

"Bwerani muone kumapetoku, mukatero mulime."

Kumapetoko kunali kandime komwe bambo awo ankakalera ngati khanda. Kwa zaka zambiri ankakwatitsa mitundu iwiri ya mpunga, wina wonunkhira koma wosachedwa kudwala, wina wa njere zosaoneka bwino koma wosagwidwa ndi chiwawu. Ankatenga mungu wa uwu kuthira pa maluwa a uwo, kenako chaka ndi chaka kusankha mwa ana a mpungawo. Anzawo ankawaseka kuti ndi ankhoswe a mpunga.

Mkuluyo analowa m'matope osavula nsapato. Mapesi ena anali atapserera ndithu, koma ambiri anali biriwiri, ngala zitawerama ndi kulemera. Anapurura njere zingapo, kuzifikisa m'manja, n'kununkhiza.

"Fungoli ndi la wonunkhira uja," anatero motsitsa mawu.

"Kulimbaku n'kwa winayo. Watengera konsekonse, osati inu amene munangotengera liuma la bambo."

Anaphulika kuseka onse awiri, koyamba chichitikire maliro, mpaka misozi.

"Nanga ndilime kapena ndizipita?" anafunsa wathirakitala.

"Limani konseko, koma kuno ngakhale utsi wanu usafikeko! Ndipo mukauze anthu kuti mbewu yapezeka," anayankha mkuluyo.

Mayi awo anatulukira ali ndi malaya oyera a malemu. Anawaluma m'mphepete, n'kung'amba kansalu kakatali.

"Amayi, malaya abwinobwinowa?"

"Ndi okhawa anapulumuka, chifukwa ndinkawabisa. Ena onse anathera muno, bambo anu akuika zizindikiro pa mapesi omwe awasangalatsa."

Anapatsa mwana aliyense kansalu kake. Kenako anawerama pa phesi lobiriwira kwambiri, n'kumanga momasuka, kusiya mpata wolowa chala kuti phesilo lisapweteke.