Mlendo Walumpha Ukonde

"Mlendo wakoyu wandiphera ukonde, Towera."

Chakufwa anaima pabwalo buluku likudontha madzi, asodzi ake ali kumbuyo ndi beseni lomwe munali tiusipa tosakwana n'komwe ndiwo za banja limodzi. Towera, mlongo wake, anali akutsuka makapu a tiyi. Mlendoyo, Chrissie, anali atangotuluka m'nyumba, tsaya lili ndi mizere ya mphasa.

Towera ndi Chrissie anali anamwino pa chipatala china ku boma la Karonga. Chrissie, wa ku Mulanje, anali atagwira ntchito mpaka kumawodzera choimirira. Atapatsidwa timasiku topuma, Towera anapita naye kwawo, kamudzi ka kufupi ndi Ngara kozingidwa ndi mtsinje uku, nyanja uku, ngati chilumba. Anamulonjeza mchenga wogonapo, ndi kuyenda m'mbali mwa madzi popanda munthu woitana kuti "anesi".

Dzulo lake anayendadi, kudutsa m'matanthwe ndi m'bango mpaka miyendo kulemera. Pobwerera anapeza chilimira, ukonde waukulu wa usipa, atauyala kuchokera kumadzi mpaka kubango. Towera anali atatsalira kuzula munga kuphazi. Chrissie anaona mbuzi zikudutsa pamwamba pake, naye anangokweza chitenje pang'ono n'kulumpha. Osoka ukondewo pamthunzi anayang'anizana, osanena kanthu.

Tsopano Chakufwa ankafotokoza ndi mawu osasa kuti kuno mkazi salumpha ukonde, chifukwa mankhwala a ukondewo amasukuluka. Iwo anachezera panyanja nyale zili ngwee, usipa osabwera. Ankafuna kuti mlendoyo apite kudoko, akagwade pa ukondewo, apepese anthu akuona, n'kuuwaza madzi ndi dzanja lake. Apo ayi, achoke lero lomwe.

Towera anayamba kumuyankha m'Chitumbuka, kenaka anatembenukira ku Chichewa dala kuti mnzake amve. Anati mwezi unali mbee moti usipa sukanatsata nyale, mphepo ya mwera inawomba mpaka kugwetsa zoyanika, ndipo ngakhale a Manase, eni ukonde wa doko lapafupi, abwerako chimanjamanja.

"Wa a Manase ndi ukonde kapena sefa?" anatero msodzi wina. "Uja ngakhale ng'ona ingatulukemo osagunda ulusi."

Anzake anaseka, koma mofooka, kuseka kwa anthu osagona. Wina anaonjeza kuti Towera jakisoni wamulowa m'mutu, waiwala kuti sukulu yakeyo anaphunzira ndi usipa womwewu.

Chakufwa sanaseke. Anasendera pafupi, maso ali psuu, n'kunena chapansipansi kuti mbiri ikangomveka yoti ukonde wake wasukuluka, anyamatawa amuthawa, apita kwa ena, ndipo iye atsala ndi bwato pamchenga. Towera anamva chisoni, koma mtima sunatsike. Anamufunsa chifukwa chomwe anthu ake anakhalira chete mlendo akukweza mwendo. Chakufwa anayang'ana kumbali.

"Zisiye, mnzanga," anatero Chrissie. "Ndikagwada. Ine ndikungofuna kugona."

Anati kuchipatala watukwanidwapo ndi osamalira odwala pa zinthu zomwe sanachite, ndipo kugwada pamchenga n'kochepa. Mawu amenewo ndiwo anamuotcha Towera kuposa a mlongo wake. Munthu anamutenga yekha kuti akapume, lero akukapepesa ukonde.

Anatsetsereka onse kudoko dzuwa litayamba kuluma. Amayi ogula usipa anali atakhala pa mabeseni awo opanda kanthu, ndipo ataona gululo anadzuka, poti nsomba kunalibe koma choonera chinalipo. Ukonde unali mulu pafupi ndi bwato, ukununkha ndere. Chrissie anavula masilipasi, anakonza chitenje, n'kuyamba kupinda maondo pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

Towera anamugwira mkono bondo lisanafike pansi. Chrissie anayesa kudzimasula, koma analibe mphamvu, anangomutsamira.

"Adumbu," anatero Towera, kuitana mlongo wakeyo m'Chitumbuka, "sindikukana mwambo wanu. Ndimusiya agwade, ndipo nane ndigwada naye. Koma muyambe mwandiyankha pamaso pa anthuwa."

Chakufwa anamuuza kuti asamuchititse manyazi pa doko lake. Asodzi anaweramitsa mitu, wina akukumba mchenga ndi chala cha kuphazi.

"Akagwada, n'kuwaza madziwo, inu n'kupita panyanja, mawa n'kubwerako ndi beseni ngati la lero lija, mudzagwaditsa ndani? Mudzabwereranso kwa iyeyu, kapena mwasunga mkazi wina? Ndiyankheni, adumbu. Mkonowu sindiusiya mpaka mutayankha."