Bwato Likagunda Pansi

Tamsin anali atalengeza kale kwa aliyense, ngakhale kwa wophika wa ku msasa, kuti chaka chino abwerera kwawo ku Sudbury ndi mzere wofiira pa nkhafi yake. Mayi ake anali nawo mzerewo, mkulu wake Bronwyn nayenso anali nawo. Tamsin anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka chamawa akanakhala atapitirira msinkhu wolowa mumsasa wa atsikanawo. Mwayi unali womwewu basi.

Lamulo lake ndi losavuta kulinena. Pakati pa nyanja ziwiri pali njira ya makilomita atatu imene atsikana amaitcha Mtunda wa Misozi. Amene wasenza bwato yekha pamapewa kuchokera madzi ano kukafika madzi enawo, osalitula, osaligunditsa pansi, amamupakira mzerewo. Koma sudzichitira wekha umboni. Amakupatsa mnzako woyenda kumbuyo kwako, ndipo tsiku lomaliza ndi iyeyo amene amafunsidwa pamaso pa onse.

Ndiye tangoganizani amene a Delphine, mtsogoleri wa ulendo wawo wa pabwato, anamusankha kukhala mboni ya Tamsin. Odile. Odile yemweyo amene Tamsin anakhala akumujeda masiku khumi ndi limodzi, kuti amapalasa ngati akutakasa phala, kuti mkonono wake ungathamangitse chimbalangondo, kuti analira tsiku lachiwiri msundu utamumata pachala. Zonsezo zinamufika Odile, chifukwa anthu asanu ndi atatu ogona m'matenti awiri alibe pobisira nkhani.

M'mawa wa tsiku losenza bwato Tamsin sanamalize ngakhale chikondamoyo chimodzi. Anamanga nsapato, kuzimasula, kumanganso. Atagubuduzira bwato pamapewa, dziko lonse linasowa, anangotsala ndi mapazi ake ndi mizu ya mitengo. Udzudzu unalowa pansi pa bwatolo ngati waitanidwa ku ukwati, ndipo analibe dzanja loumenyera. Mtengo wopingasa wa pakati pa bwato unkamudya khosi. Kumbuyo ankangomva Odile akupuma movutikira ndi chikwama cha mapoto, ngwe ngwe ngwe.

Anadutsa phiri, anadutsa pamiyala. Atatsala pang'ono kufika, pa dambo pamene anayalapo zipika zowolokera, phazi linaterereka. Analowa m'matope mpaka m'bondo, ndipo kumbuyo kwa bwato kunagunda pansi. Kugunda kwake kunali kwapang'ono, koma kunamveka. Odile anagwira nsongayo n'kuikweza.

"Dzuka, enawo akubwera," anatero Odile.

Tamsin atafika kumadzi, atsikana anamukumbatira, wina anamuthira madzi kumutu ndi chipewa. A Delphine anamusisita pamsana n'kumuuza kuti Bronwyn adzanyadira. Tamsin anaseka nawo, maso ali pa Odile, amene anali atakhala pamwala akuchotsa matope m'masokosi.

Panatsala masiku awiri kuti afike ku msasa, ndipo masiku awiriwo Tamsin sanakhazikike. Akapalasa ankapalasa mopitirira, bwato n'kumakhota. Odile akangoyandikira a Delphine, iye ankapeza chifukwa chopitira pomwepo, mwina kukafunsa machesi, mwina chingwe chimene chinali m'manja mwake momwe. Anayamba kumuchitira Odile zabwino zosafunsidwa. Anamukwechera poto wa nyemba zopserera, anamupatsa chidutswa chake chomaliza cha chokoleti, anamuyamikiranso kapalasidwe.

Maren, amene pakamwa pake sipazizira, sanachedwe kuona. Anafunsa pamaso pa onse ngati Tamsin wagwa m'chikondi kapena wadya bowa wolakwika, popeza dzana lomweli Odile anali wotakasa phala, lero wasanduka katswiri. Onse anaseka. Odile anadya chokoleticho pang'onopang'ono, n'kunyambita zala.

Masana a tsiku lachiwiri mphepo inawatsekera pachilumba china chaching'ono. Mafunde anali oyera, a Delphine anati palibe akwere bwato mpaka kutabata. Ena anagona pamiyala, ena ankaluka tsitsi. Tamsin anazungulira chilumbacho kawiri, kenako anamupeza Odile akutola mabulosi kuseri kwa mikungudza. Anayamba ndi nkhani ya mphepo, anapita ku nkhani ya udzudzu, kenako anangofunsa.

"Iwe, mawa ukanena chiyani?"

"Za chiyani?"

"Usandiseweretse. Unaona."

"Ndinaona zambiri pa ulendo uno. Ndinamvanso zambiri." Odile anaponya bulosi mkamwa. "Ukufuna ndiyambire pati, pa mkonono?"

Tamsin anapepesa, mawu akuthamangitsana. Anati zinali nthabwala chabe, anati bwato linangokhudza udzu, anati ndani angalange munthu chifukwa cha chipika choterera. Odile anamvetsera zonsezo mpaka kumapeto, kenako anamupatsa mabulosi odzaza dzanja n'kubwerera kwa anzawo. Sanalonjeze, sanakanenso. Tamsin anaona kuti kukanakhala bwino akanangomutukwana.

Anafika ku msasa mawa lake dzuwa lili pamutu, tiatsikana tating'ono tikuwalandira ndi kumenya mapoto padoko. Atadya, onse anakhala pa udzu, ndipo Mayi Halvorsen, mwini msasa, anabwera ndi chitini cha penti ndi kaburashi. Oyesa anali awiri. Woyamba anali Sunniva, mboni yake inati bwato silinagunde, mzere unapakidwa, anthu anaomba m'manja. Kenako Tamsin anaimirira ndi nkhafi yake.

Mayi Halvorsen anamufunsa Odile funso la chaka ndi chaka, ngati bwato linayenda m'mwamba kuchokera madzi kukafika madzi.

"Mufunseni mwini wake," anatero Odile. "Linali pamutu pake."

Mayiwo anati mwambo sutero, mboni ndiyo imayankha. Odile anangoyang'ana mapazi ake. Maren anatsegula pakamwa, wina anamutsina. Penti inayamba kudontha kuchoka pa kaburashi kugwera pa udzu. Tamsin anadziwa kuti akangoti silinagunde, Odile sadzatsutsa, ndipo mzere upakidwa pomwepo. Anadziwanso kuti Odile adzakhala akudziwa, ndipo iye adzakhala akudziwa kuti Odile akudziwa, chaka chino ndi zaka zonse.

"Linagunda," anatero. "Pa dambo paja. Kumbuyo."

Mayi Halvorsen anagwedeza mutu, anati anasenza bwino ndithu, n'kutseka chitini. Panalibe woseka. Anthu anayamba kumwazikana kukasamba, nkhani ikuyenda kale kuchoka gulu lino kupita gulu linalo, ndipo Tamsin, amene ankadziwa bwino liwiro la nkhani zotere, anaiona ikufika mpaka kukhitchini.

Anamupeza Odile padoko akutsuka chikwama chija. Anamufunsa chifukwa chake sanangonena yekha, poti mpata wobwezera anali nawo.

"Ndikanati linagunda, ukanauza msasa wonse kuti ndi nsanje," anatero Odile. "Ndikanati silinagunde, ukanandikwechera mapoto mpaka utakalamba. Zonsezo sindikuzifuna."

Tamsin anakhala pansi pambali pake, nkhafi yopanda mzere ili pamiyendo, akuganiza mmene akayambire kuwauza mayi ake m'galimoto. Kenako anagwira mbali ina ya chikwamacho, awiriwo n'kuchifinya.